Chithunzi cha NRC chikukana kulowa mu RSA: kodi ndichidule zidutswa?

Funso ili lachokera kwa mtsikana wina wolemba mapulogalamu ku Kamwala kuno ku Lusaka. Akuti: "Ndimagwira ntchito pa kakampani kobwereketsa ndalama kwa azimayi ochita malonda m'misika. Maejenti athu amayenda ku Soweto, ku Chawama ndi ku Matero, amajambula NRC, chiphaso cha unzika, ya wofuna ngongole ndi foni, ndipo chithunzicho chimapita ku seva yathu ya PHP netiweki ikapezeka. Mwezi watha foni imodzi inabedwa m'minibasi ili ndi zithunzi zambiri. Abwana akuti zithunzi zizibisidwa. Ndapanga makiyi a RSA a mabiti 2048 n'kuyesa openssl_public_encrypt pa laputopu yanga. Mawu ochepa akutheka, koma ndikaika chithunzi function ikubweza false. Mnzanga akuti ndidule chithunzicho tizidutswa ta mabayiti 245, kapena ndikulitse kiyi afike 4096. Ndichite chiti?"

Achemwali, zonse ziwirizo zisiyeni. Function ikukanayo siyowonongeka, ndipo kiyi wanu si wamng'ono. Mwangomusenzetsa katundu amene sanapangidwire. Koma poyambira pomwe mwasankha, pa RSA, njira yobisira uthenga ya makiyi awiri, ndi pabwino kwambiri pa vuto lanuli, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake musanakhudzenso code.

Ganizirani za loko wodina, uja amayi a salaula amatsekera matumba ndi mathiranki madzulo ku Soweto. Kuti mumutseke simufuna kiyi, mumangodina. Kiyi amafunika potsegula pokha. Ndiye mukagawira maejenti anu maloko otere ali chitsegukire, kiyi n'kutsala ku ofesi, ejenti aliyense angathe kutseka katundu, koma akangodina ngakhale iye mwini sangatsegulenso. Wakuba akaba thirankiyo waba chinthu chotseka, ndipo akasecha m'matumba a ejenti kiyi samupezamo. Loko ameneyu ndiye kiyi wapoyera, amene mungamupereke kwa aliyense popanda mantha. Wotsala ku ofesi uja ndiye kiyi wachinsinsi. Mukanagwiritsa ntchito njira ya kiyi mmodzi wotsekera ndi kutsegulira, monga AES payokha, kiyiyo akanayenera kukhala m'foni iliyonse, ndipo wakuba wa m'minibasi uja akanatenga thiranki ndi kiyi womwe. Nzeru yolekanitsa makiyiwa inatulukira poyera mu 1976 ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, ndipo chaka chotsatira Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku MIT anapeza masamu amene lero tikuwatchula ndi zilembo zoyamba za mayina awo, RSA. Clifford Cocks wa ku GCHQ, bungwe la zaukazitape la ku Britain, anali atapeza kale zofanana mu 1973, koma boma lake linasunga chinsinsi mpaka 1997.

Tsopano tiyeni tione m'mimba mwa RSA ndi timanambala tating'ono, kuti muone nokha pamene chithunzi chanu chikukanikira. Tengani 13 ndi 19, manambala amene sagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Mukawachulukitsa mupeza 247. Kiyi wapoyera ndi manambala awiri, 247 ndi 5. Tinene kuti uthenga wanu ndi nambala 10. Kuti muubise, chulukitsani 10 x 10 x 10 x 10 x 10, zomwe ndi 100,000, kenako gawani ndi 247 n'kusunga zotsala zokha. Zotsala ndi 212, ndipo ndizo mumatumiza. Wolandira ali ndi nambala yake yachinsinsi, 173. Amachita chimodzimodzi, kuchulukitsa 212 ndi iyo yokha maulendo 173 n'kugawa ndi 247, ndipo zotsala zimabwerera ku 10. Nambala 173 sinachokere m'mwamba. Wodziwa 13 ndi 19 amachotsako 1 pa iliyonse n'kuchulukitsa, 12 x 18, kupeza 216, kenako amafufuza nambala imene ikachulukitsidwa ndi 5 n'kugawidwa ndi 216 imasiya 1. Onani: 5 x 173 ndi 865, ndipo 865 ndi 216 kanayi kuwonjezerapo 1. Chitetezo chonse chagona apa: amene sakudziwa manambala awiri oyamba aja sangapeze 173. Pa 247 mwana wa giredi 7 angawapeze asanamalize kumwa tiyi. Pa kiyi wanu wa mabiti 2048 nambala yoti aiphwanye ili ndi madijiti 617, pamene yaikulu kwambiri ya mtundu umenewu imene akatswiri anailengeza kuti aiphwanya, mu February 2020, inali ya madijiti 250.

Ndiye yesani kubisa 257 ndi kiyi wathu wamng'onoyu. Popeza 257 ndi 247 kuwonjezerapo 10, zotsala zidzatulukanso 212, ndipo wolandira akatsegula adzapeza 10, osati 257. Uthenga watayika. RSA imangodziwa manambala ochepera pa nambala yaikulu ya kiyi, basi. Bayiti imodzi ndi mabiti 8, choncho kiyi wa mabiti 2048 ndi mabayiti 256, ndiye uthenga sungapitirire pamenepo, ndipo pa 256 pomwepo laibulale, code yolembedwa kale imene mukuitana ija, imatengapo mabayiti 11 a ntchito yake. N'kumene kwachokera 245 ya mnzanuyo. Mukakulitsa kiyi kufika 4096 malo amangofika mabayiti 501. Chithunzi cha NRC chojambulidwa ndi foni wamba chimatha kukhala mabayiti mamiliyoni awiri. Palibe kiyi wa RSA amene adzachimeze. Mukaitana openssl_error_string() pambuyo pa false ija, idzakuuzani zomwezi, kuti uthenga wakula kuposa kiyi.

Mabayiti 11 aja ali ndi nkhani yawo, ndipo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri pa code yanu. Mwaona kuti 10 nthawi zonse ikutuluka 212. Ngati uthenga uli wosavuta kuulota, monga ngongole ya K500, K1,000 kapena K2,000, munthu woipa safunika kuthyola chilichonse. Amatenga kiyi wapoyera, amene aliyense ali naye, amabisa K500 yekha, amabisa K1,000 yekha, n'kuyerekeza ndi zimene waona zikudutsa. Pofuna kutseka mpata umenewu laibulale imasakaniza uthenga ndi mabayiti ogwa mwamwayi isanachite masamu, zimene zimatchedwa padding. Njira zosakanizira zilipo ziwiri zodziwika, ndipo yatsopano ndi OAEP. Yakale ndi PKCS#1 v1.5, ndipo ndi imene openssl_public_encrypt imasankha yokha mukapanda kuiuza kanthu. Mu 1998 Daniel Bleichenbacher anaonetsa kuti ngati seva yotsegula mauthenga otere imasonyeza mwa njira iliyonse kuti padding inali bwino kapena ayi, kaya ndi mawu a error osiyana kaya ndi kuchedwa pang'ono poyankha, munthu angaitumizire mauthenga opotoza ambirimbiri n'kumaona mayankho mpaka atatsegula uthenga weniweni, kiyi wachinsinsi asanamuonepo n'komwe. Anthu anaganiza kuti nkhaniyo inatha, koma mu 2017 ofufuza ena anaipezanso m'maseva a makampani akuluakulu n'kuitcha ROBOT. Vuto limeneli ndi chimodzi mwa zifukwa zimene TLS 1.3, njira yotetezera HTTPS imene inatuluka mu 2018, inachotseratu kubisa kiyi ndi RSA.

Zodula zidutswa zija mukaziyesa pa laputopu zidzaoneka kuti zikuyenda, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chimodzi chidzakhala tizidutswa toposa 8,000, ndipo kalikonse kadzafuna masamu olemera a kiyi wachinsinsi potsegula. Kuchedwako ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi yakuti palibe chomangirira tizidutswato pamodzi. Munthu wofika pa seva angachotse kena, angasinthanitse malo, angatenge theka la chithunzi cha mayi wina n'kulumikiza ndi theka la cha mayi wina, ndipo kadutswa kalikonse kadzatseguka bwinobwino popanda kudandaula.

Njira imene dziko lonse likutsata ndi iyi: katundu wolemera amatsekedwa ndi kiyi mmodzi wachangu, wopangidwa pompo ndi wogwira ntchito kamodzi kokha, ndipo masamu a makiyi awiri amangonyamula kapena kutulutsa kakiyi kameneko, ka mabayiti 32. HTTPS imachita zomwezo, WhatsApp ndi Signal zimachita zomwezo. Mungathe kuzimanga nokha ndi OpenSSL, kusankha AES, kusankha mode (kayendetsedwe ka AES), kupanga nonce (nambala yogwira ntchito kamodzi kokha), kusankha padding, kulumikiza zonsezo. Ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri ndipo sindimanga ndekha. Pa chosankha chilichonse pali poterera, ndipo choipa cha ntchito yathu n'chakuti ukalakwitsa palibe chimene chimalira. Uthenga umatsekeka, umatseguka, abwana amakondwa, bowo lili pomwepo.

Gwiritsani ntchito laibulale yotchedwa libsodium. Inayambitsidwa ndi Frank Denis mu 2013 kuchokera ku NaCl ya Daniel Bernstein ndi anzake, ndipo kuyambira PHP 7.2 mu 2017 ili m'gulu la zida za PHP yeniyeniyo. Onani ngati extension_loaded('sodium') ikubweza true pa seva yanu. Ngati mukulipira malo pa seva yogawana ndi ena ndipo eni ake sanaiyatse, apempheni, kapena tengani sodium_compat imene imachita ntchito yomweyo ndi PHP yokha, ngakhale pang'onopang'ono. Chimene mukufuna pa nkhani yanuyi ndi sealed box, ndipo yonse ndi mizere inayi:

$makiyi = sodium_crypto_box_keypair();
$wapoyera = sodium_crypto_box_publickey($makiyi);
$chotseka = sodium_crypto_box_seal($chithunzi, $wapoyera);
$chithunzi = sodium_crypto_box_seal_open($chotseka, $makiyi);

Palibe pokufunsani kukula kwa kiyi, palibe padding, palibe mode. Zonsezo anasankha kale anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo. M'kati mwake, nthawi iliyonse mukatseka, laibulale imapanga makiyi awiri atsopano a kanthawi kochepa, imawaphatikiza ndi kiyi wapoyera wa ofesi kudzera pa X25519 kuti patuluke kiyi wachangu uja, imabisa chithunzi ndi XSalsa20, imaikapo chidindo cha Poly1305, kenako kiyi wachinsinsi wa kanthawi uja imamufafaniza. N'chifukwa chake foni yomwe yatseka singatsegulenso. Chithunzi chimangokula ndi mabayiti 48. Wina akasintha ngakhale biti imodzi, seal_open imabweza false, ndipo muzionetsetsa false ameneyo ndi zizindikiro zitatu, ===, musanachite china chilichonse ndi zotulukazo. Musadabwe kuti kiyi wa X25519 ndi mabayiti 32 okha pamene wa RSA ndi 256. Masamu ake ndi ena, a elliptic curve, amene Neal Koblitz ndi Victor Miller anawabweretsa mu 1985, ndipo mphamvu ya kakiyi kameneka imafanana ndi RSA ya mabiti pafupifupi 3,000.

Kutseka kuyenera kuchitikira m'foni, osati pa seva. Pa Android pali Lazysodium, imene imalola Java ndi Kotlin kuitana libsodium yomweyo, ndiye zimene foni yatseka PHP idzatsegula. Pano pali chinthu chimene ambiri amachiiwala. Ngati ejenti akujambula ndi kamera wamba ya foni kenako n'kusankha chithunzi mu gallery, chithunzi chosabisika chimatsala mu gallery momwemo, mwinanso chimakwera chokha ku Google Photos. Mwatseka chitseko, zenera lili pululu. Pulogalamu yanu ijambule yokha, itseke chithunzi chisanalembedwe paliponse, isunge chotsekacho chokha podikira netiweki. Ndipo auzeni abwana alamule kuti NRC ya munthu isatumizidwenso pa gulu la WhatsApp la ofesi, ngakhale tsiku limene pulogalamu yavuta. HTTPS muisungebe, satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere, koma dziwani malire ake: imateteza chithunzi chili m'njira pokha. Chili m'foni kapena chitafika pa seva, HTTPS ilibe nacho ntchito.

Tsopano tafika pamene anthu ambiri amagwera, ndipo si pa masamu. Kiyi wachinsinsi adzagona kuti? Chaka china ndinaitanidwa ku kaofesi kena kuno m'tauni kuti ndikaone ngati dongosolo lawo lili bwino. Mnyamata wawo anali wakhama, anasankha laibulale yabwino, kiyi wamkulu, zonse. Akundiwiritsira madzi a tiyi ndinatenga foni yanga, n'kulemba adiresi ya webusaiti yawo, n'kuwonjezera /keys/private.pem kumapeto. Fayilo inatsika m'foni mwanga madzi asanawire. Anali ataika kiyi m'foda yomweyo imene seva imagawira aliyense wofika, ndipo analinso mu git, mosungira mbiri yonse ya code, kuyambira tsiku loyamba. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali atagwira m'mutu. Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa palibe amene anamuuzapo, ndipo zikalata zonse zimene ankaganiza kuti wazibisa tinayenera kuzitenga ngati zaululika.

Kwa inu mwayi ulipo, popeza seva yanu siyenera kutsegula zithunzi n'komwe. Ntchito yake ndi kulandira ndi kusunga zotseka. Amene amafunika kuona NRC ndi munthu mmodzi kapena awiri ovomereza ngongole ku ofesi. Ndiye kiyi wachinsinsi apangidwire pa kompyuta ya ku ofesi imeneyo ndipo akhale pomwepo, disiki yake ili yobisika ndi BitLocker kapena LUKS, ndipo kutsegula kuchitikire pamenepo. Mukatero, tsiku limene wina adzathyole seva adzapeza mathiranki otseka okhaokha. Ngati sizingatheke ndipo seva iyenera kutsegula, kiyi akhale kunja kwa foda yapoyera, asalowe mu git, asalowe mu database imene muli zithunzizo, ndipo asatuluke m'ma log. Komabe muwauze abwana mosabisa kuti njira yachiwiriyi ikuteteza mafoni obedwa ndi ma backup otayika, koma wolanda seva yonse atenga zonse.

Funso lina limene simunafunse koma lidzakupezani ndi ili: mudzadziwa bwanji kuti chithunzi chachokera kwa ejenti wanu? Sealed box sinena za wotumiza. Kiyi wapoyera ali mu pulogalamu imene ili m'foni iliyonse, ndipo wakuba wa m'minibasi uja angamutulutsemo n'kuyamba kutseka mafomu a ngongole abodza amene adzatseguka ku ofesi ngati enieni. Kubisa ndi ntchito ina, kutsimikiza mwini uthenga ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi imafuna siginecha. Apa makiyi amagwira ntchito mozondoka: wachinsinsi ndiye amasaina, wapoyera ndiye amatsimikiza. Foni ya ejenti aliyense ipange makiyi ake osainira a Ed25519 tsiku loyamba, wachinsinsi asatuluke m'foniyo ndipo atetezedwe ndi kiyi wina wosungidwa mu Android Keystore, wapoyera alembedwe ku ofesi pafupi ndi dzina la ejentiyo. Posaina ndi crypto_sign_detached, ndipo ku ofesi ndi sodium_crypto_sign_verify_detached. Siginecha yake ndi mabayiti 64. Sainani choyamba, kenako tsekani zonse pamodzi. M'zosainidwazo musaike chithunzi chokha, muikemonso nambala ya fomu, tsiku, ndalama zimene zikupemphedwa ndi dzina la ofesi yolandira, ndipo ofesi izikana nambala ya fomu imene inalandiridwa kale. Mukapanda kutero wina angatumizenso fomu yeniyeni yakale kawiri katatu, siginecha ili bwinobwino. Foni ikabedwa kapena ejenti akasiya ntchito, mumangofufuta kiyi wake wapoyera pa mndandanda, ena onse n'kupitiriza ntchito.

Kulembetsa kiyi wapoyera kumeneko kuchitike maso ndi maso. Ejenti abwere ku Kamwala, foni ionetse QR code, kompyuta ya ofesi iwerenge. Masamu angakuuzeni kuti siginecha ikugwirizana ndi kiyi uyu, koma sangakuuzeni kuti kiyi uyu ndi wa ndani. Wina akakutumizirani kiyi pa SMS n'kunena kuti ndi wa ejenti wa ku Matero amene wagula foni yatsopano, inu n'kumulemba, siginecha zake zonse zidzadutsa. Pa intaneti ntchito yonena kuti kiyi uyu ndi wa uje imagwiridwa ndi masatifiketi ndi mabungwe owasaina. Pa kakampani ka maejenti ochepa simufunika zonsezo, maso anu ndi buku lolembamo zikwanira. Chimodzimodzi kiyi wapoyera wa ofesi: alowe mu pulogalamu pomwe mukuimanga, asamachite kutengedwa pa seva nthawi iliyonse, chifukwa wolanda seva angaikepo wake, mafoni onse n'kuyamba kumutsekera iyeyo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti posachedwa adzakuuzani mulumikize dongosolo lanu ku banki kapena ku mobile money, ndipo kumeneko laibulale simusankha inu. Akakulamulani RSA, tsatirani, koma pobisa pemphani OAEP polemba OPENSSL_PKCS1_OAEP_PADDING, ndipo RSA inyamule kakiyi ka AES-256-GCM kokha. Potsimikiza siginecha yawo samalani ndi openssl_verify. Imabweza 1 ngati siginecha ili bwino, 0 ngati ndi yabodza, ndi -1 kapena false ngati china chake chalakwika. Mu PHP -1 imawerengedwa ngati zoona. Ndiye wolemba if (openssl_verify(...)) amalandira uthenga woti ndalama zalowa pamene kutsimikiza kwalephereka. Lembani === 1. Ndaiona mizere yotere kangapo m'ma code a anthu anzeru ndithu. Ngati akugwiritsa ntchito HMAC, chidindo chopangidwa ndi kiyi mmodzi wodziwika mbali zonse ziwiri, yerekezani ndi hash_equals(), osati ==.

Za manambala ogwa mwamwayi ndinene mwachidule, popeza libsodium yakuchotserani mtolo umenewo, koma mudziwe kulemera kwake. Mu 2006 wina anachotsa timizere tochepa mu OpenSSL ya Debian, mtundu wina wa Linux, pofuna kutontholetsa chenjezo, ndipo mpaka May 2008, pamene Luciano Bello anazitulukira, makiyi opangidwa pa makompyuta amenewo ankachokera pa mndandanda wa pafupifupi 32,767 pa mtundu uliwonse. Mu 2010 zinaululika kuti Sony posaina mapulogalamu a PlayStation 3 ndi ECDSA inkabwereza nambala imodzi imene inayenera kusintha pa siginecha iliyonse, ndipo anthu anawerengetsera kiyi wachinsinsi kuchokera pa masiginecha omwewo. Ed25519 inapangidwa moti nambala imeneyo imachokera ku kiyi ndi uthenga, wolemba code sapatsidwa mpata wolakwitsa. Pena paliponse pamene mukufuna chinsinsi chamwayi mu PHP, kaya token kaya nambala yotsimikizira, itanani random_bytes() kapena random_int(). rand(), mt_rand() ndi uniqid() si za ntchito imeneyi.

Mudzamvanso za makompyuta a quantum. Peter Shor anaonetsa mu 1994 kuti kompyuta yotere, itakhala yaikulu mokwanira, ingathyole RSA ndi elliptic curve zomwe, ndipo mu August 2024 NIST, nthambi ya boma la America yoona za miyezo, inatulutsa miyezo yatsopano, monga ML-KEM ndi ML-DSA, yokonzekera tsiku limenelo. Zisakuimitseni ntchito lero. Chokha chimene ndingapemphe n'chakuti kutsogolo kwa chotseka chilichonse muike bayiti imodzi yonena njira ndi kiyi amene anagwiritsidwa ntchito. Tsiku losintha kiyi kapena njira, ndipo lidzafika, mudzadziwa kuti fayilo iti itsegulidwe ndi chiyani. Ndipo zithunzi zimene ntchito yake yatha muzizifufuta. Nambala ya NRC munthu amaitenga ali ndi zaka 16 n'kukhala nayo moyo wonse, sangaisinthe ngati PIN.

Apa ndi pamene nkhani ya foni yobedwa ija ikundipweteka. Zithunzi zimene zinali m'menemo zapita, palibe code imene ingazibweze. Ndi NRC ya munthu, wachinyengo amayesa kulembetsa SIM kapena kutenga ngongole m'dzina la mayi wogulitsa tomato amene sakudziwa chilichonse. Data Protection Act ya 2021 imaika udindo wosamala zinthu zotere pa kampani imene inazitolera, ndipo imafuna kuti zikatayika ofesi ya Data Protection Commissioner idziwitsidwe. Kambani ndi abwana kuti achite zimenezo, ndipo azimayi amene zithunzi zawo zinali m'foniyo auzidwe, kuti akaona uthenga wachilendo wa ngongole adziwe kochokera.

Chotsala ndi mbali ina ya kiyi wachinsinsi, imene imaiwalika chifukwa aliyense maganizo ali pa akuba. Kiyi ameneyu akatayika, zithunzi zonse zatayika naye, ndipo palibe katswiri ku Lusaka kapena kwina kulikonse amene angazitsegule. Magetsi athu mukuwadziwa mmene amabwerera mwamphamvu akathima, ndipo disiki imafa osatsanzika. Ubwino wa X25519 ndi wakuti kiyi wachinsinsi ndi mabayiti 32, amene sodium_bin2hex() imawasandutsa zilembo 64. Zimakwana pa kapepala kamodzi. Zilembeni ndi dzanja m'magulu a zinayizinayi, osasindikiza pa printer ya ofesi imene aliyense amagwiritsa ntchito, mapepala awiri, m'maenvulopu omata osainidwa pomatapo, ina m'sefa ya ofesi, ina kwa mwini kampani kutali ndi ofesiyo. Musanamate, yesani. Tengani kompyuta ina imene sinaonepo kiyiyo, lembani zilembo 64 kuchokera papepala, bwezani kiyi wapoyera ndi sodium_crypto_box_publickey_from_secretkey(), aphatikizeni ndi sodium_crypto_box_keypair_from_secretkey_and_publickey(), n'kutsegula chithunzi chimodzi chimene foni ya ejenti inatseka. Chikatseguka, fufutani kiyi pa kompyuta yoyeserayo n'kumata maenvulopu. Chikakana, nthawi zambiri ndi 0 amene walembedwa ngati 6, kapena b wofanana ndi 6 pa dzanja la munthu, ndiye lembaninso pepalalo n'kuyesanso maejenti asanatuluke ndi pulogalamu yatsopano Lolemba.